Chiwongolero Chikapepuka

Pa bwalo la mpikisano wa galimoto la Spa-Francorchamps ku Belgium pali kona ina yotchedwa Pouhon. Msewu umatsetsereka n'kukhotera kumanzere kawiri motsatizana, ndipo galimoto imalowapo ili pa liwiro loti munthu wamba sangayerekeze n'komwe. Mukayamba kukhota, chiwongolero chimalemera m'manja. Mukawonjeza, chimalemerabe, ngati chikukanirira. Kenako pamafika pena pake, kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, pamene kulemera kuja kumayamba kusungunuka. Chiwongolero chapepuka. Maso sanaone kanthu, makutu sanamve kulira kwa matayala, koma manja adziwa kale kuti matayala akutsogolo afika pothera mphamvu zawo. Mukangowonjeza pang'ono galimoto ikana kukhota, ilunjika kunja kwa msewu.

Zonsezi zikuchitikira m'chipinda. Mulibe galimoto, mulibe tayala, ndipo ku Belgium n'kutali. Chilipo ndi mpando, sikirini, ndi kabokosi kachitsulo komangidwa ndi mabawuti, m'kati mwake muli mota. Komabe uthenga umene wafika m'zikhatho ndi woona, ndipo wafika pa nthawi yake. Eni masewerawa, amene amawatcha sim racing, mphamvu yobwerera m'manjayi amaitcha force feedback. Ine ndimaiwerengera pa ntchito zaluso kwambiri zimene amisiri a makina apanga m'zaka 20 zapitazi, ndipo aliyense wofuna kusankha chiwongolero cha pakhomo ndikanakonda ayambire pamenepa, maonekedwe ndi dzina la kampani zibwere pambuyo.

Woyendetsa galimoto yeniyeni amamva msewu ndi thupi lonse. Amene anayendetsapo pa msewu wa makande mvula itangokata akudziwa: kumbuyo kwa galimoto kukayamba kuterereka, umayamba kumva ndi msana ndi m'chiuno, maso asanaone. Wa m'chipinda zimenezi alibe, mpando wake uli chiimire. Watsala ndi maso, makutu ndi manja, ndipo n'chifukwa chake chiwongolero chake chasenza katundu wolemera kuposa cha m'galimoto.

Kuti timve chimene chiwongolero chikunena, tiyambe tatsikira kunsi kwa galimoto. Tayala ndi mphira wopopedwa mpweya, ndipo pamene lakhudza msewu limaphwatalala n'kupanga kachigamba kokula ngati chikhatho, kapena kuposerapo pa matayala otambalala a mpikisano. Moyo wonse wa galimoto uli pa tizigamba tinayi timeneti. Pokhota, mphira wa pa kachigambako umakakamira tala n'kupotoka. Chakutsogolo, kumene mphira wangofika pansi kumene, kupotokako n'kochepa. Chakumbuyo, kumene wakhalitsa, n'kwakukulu. Choncho mphamvu yokhotetsa galimoto siigwira pakatikati pa chigamba, imagwira chakumbuyo pang'ono, masentimita owerengeka chabe. Timasentimita timeneti ndi ngati mpini: mphamvu ikagwira kunsonga kwake imapotokola tayala kuti liwongoke. Opanga galimoto amawonjezapo dala popendeketsa potembenukira tayala, kuti lizilondola pambuyo monga amachitira mawilo a trole ya mu shopu. Ndicho chifukwa mukatuluka pa kona n'kumasula manja, chiwongolero chimabwerera chokha pakati.

Chokoma chili apa. Tayala likamayandikira malire ake, mbali ya chigamba imene imayamba kuterereka ndi yakumbuyo ija. Mphamvu imasunthira kutsogolo, mpini uja umafupika, kukanirira kwa chiwongolero kumatsika, chonsecho tayala likadagwirabe msewu. Chenjezo limatsogola, ngozi n'kubwera pambuyo. Palibe anakonza kuti zikhale choncho, ndi chibadwa cha mphira. Dalaivala wa mpikisano amakhala m'kampata kameneka, pakati pa kupepuka ndi kuterereka, kona ndi kona mpaka mpikisano kutha.

Katswiri wina wa ku Netherlands, Hans Pacejka wa pa yunivesite ya Delft, anathera zaka zake za ntchito pa nkhani ya matayala. Mu 1987 iye ndi anzake anatulutsa masamu ofotokoza khalidwe limeneli, amene anadzatchuka ndi dzina loti Magic Formula. Magemu ambiri anamangidwa pa masamuwo. Ena, monga iRacing ya Dave Kaemmer imene inatsegulidwa mu 2008, anadzipangira awoawo. Kaya masamu ndi ati, kompyuta imawerengera mphamvu ya pa matayala kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'kutumiza nambala kudzera pa waya wa USB. Koma nambala siimveka m'manja. Pamafunika wina woisandutsa kulemera, kugwedeza ndi kupepuka.

Ntchito ya chiwongolero, tsono, ndi ya womasulira. Tonse tinakhalapo pa msonkhano kapena m'tchalitchi pamene mlendo akuyankhula, wina n'kumamasulira. Womasulira wabwino sachedwa, sameza mawu, sathiramo zake, ndipo mlendo akatsitsa mawu naye amatsitsa. Amisiri akhala akufunafuna womasulira wotere kwa zaka zoposa 30.

Mu 1989 kampani ya Atari inaika mota kuseri kwa chiwongolero cha makina ake a Hard Drivin', a m'nyumba zamasewero, ndipo mu 1998 Microsoft inagulitsa SideWinder Force Feedback Wheel ya pa tebulo la pakhomo. Koma chimene ambiri amachikumbuka mwachikondi ndi G25 ya Logitech, ya mu 2006. Mkombero wake unali wokutidwa ndi chikopa, zopondera zinali zitatu zachitsulo, panali ndodo ya magiya 6, ndipo chinkazungulira madigiri 900, ndiko kuti kawiri ndi theka, ngati galimoto ya mumsewu. M'kati munali timamota tiwiri. Kamota kakang'ono kamazungulira mofulumira koma n'kofooka, ndiye amisiri anakalumikiza ku shafiti kudzera m'magiya kuti liwiro litsike, mphamvu ikwere, monga amachitira dalaivala wa lole akafika pa chitunda.

Magiya ali ndi chilema chobadwa nacho. Pakati pa dzino ndi dzino payenera kutsala kampata, apo ayi amangana. Mota ikasintha kolowera iyenera kudutsa kampatako isanagwire dzino linalo, ndipo m'kanthawi kameneko womasulira ali duu. Pakati penipeni pa chiwongolero pamamveka kugwedera, ndipo mukakwera pa mizera yokwera ija, yofiira ndi yoyera, ya m'mphepete mwa kona, chimalira gogogo. Mu G27 ya 2009, Logitech inadula mano a magiya mopendekera, kuti dzino lizilowa mwa linzake pang'onopang'ono m'malo mowombana. G29 ya 2015 inatengera zomwezo, ndipo mpaka lero ikadali pa msika.

Chiwongolero chimenechi wina asachipeputse. Mphamvu yopotokola amaiyeza ndi ma newton-metre, pachidule Nm, ndipo 1 Nm ili ngati mwanyamula magalamu 100 kunsonga kwa ndodo yotalika mita imodzi. G29 imangopitirira pang'ono 2 Nm, amene pa mkombero wake akufanana ndi kulemera kwa paketi ya shuga ndi theka. N'zochepa. Koma chimamangika pa tebulo lililonse, chimabwera m'katoni imodzi ndi zopondera zake, ndipo chimapirira manja a ana ndi a akulu kwa zaka. Kupanga chinthu chotsika mtengo chimene sichifa msanga ndi luso lovuta kuposa kupanga chodula. Ndipo inali nyengo ya ziwongolero zotere pamene Nissan ndi Sony anayambitsa GT Academy mu 2008, kusaka madalaivala pakati pa osewera Gran Turismo pa PlayStation. Woyamba kupambana, Lucas Ordóñez wa ku Spain, anakhala wachiwiri m'gulu la LMP2 pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 2011. Jann Mardenborough, amene anakulira ku Cardiff n'kupambana GT Academy chaka chomwecho, anakhala wachitatu m'gulu lomwelo mu 2013. Womasulira wawo anali wachibwibwi, koma iwo anamumva.

Ena anati, chotsani mano, ikani lamba. Amene anaimapo pa chigayo akumudziwa lamba: injini kuno, chigayo uko, iye pakati akuyenda myaa. T300 RS ya Thrustmaster, ya mu 2014, ili ndi mota yopanda mabulashi, malamba awiri, ndi mphamvu ya pafupifupi 4 Nm. Kugogoda kunatha, chiwongolero chinasalala. Koma lamba amatamuka, ndipo timawu ting'onoting'ono timathera mwa iye. Ali ngati womasulira waulemu amene amafewetsa mawu onse, ngakhale amene anayenera kufika akuthwa.

Yankho lotsiriza n'losavuta kulinena: chotsani zonse. Mangani mkombero pa shafiti ya mota yeniyeniyo, pakati pasakhale dzino kapena lamba. Ndiyo direct drive. Kuvuta kwake n'kwakuti popanda magiya mota iyenera kutulutsa yokha mphamvu yonse, ndipo mota zotere sizinkapezeka m'zoseweretsa. Zinali m'mafakitale, kuyendetsa makina osema zitsulo. Cha m'ma 2013 Leo Bodnar wa ku England anayamba kugulitsa SimSteering, pa mtengo wa mapaundi masauzande, woti angaufikire ndi anthu ochepa. Zimene zinatsatira zimandisangalatsa nthawi zonse ndikazikumbuka. Anthu wamba okonda masewerawa anayamba kuitanitsa mota za m'fakitale za MiGE kuchokera ku China, n'kumazilumikiza ku timabokosi toyendetsera mota ta Granite Devices, kampani yaing'ono ya ku Tampere m'dziko la Finland. Wina amadziwa za mawaya, wina za mapulogalamu, wina zosema chitsulo cholumikizira mkombero ku shafiti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito yawoyo anaitcha OpenSimWheel. Mota yaing'ono ya MiGE inkafika 20 Nm, yaikulu 30. A ku Tampere ataona kumene katundu wawo akuthera, anatsatira makasitomala awo. Mu 2016 anatulutsa Simucube, ndipo mu 2019 Simucube 2 ya mitundu itatu: Sport ya 17 Nm, Pro ya 25, ndi Ultimate ya 32.

Ukaliona bokosi la Simucube 2 sungaliyang'ane kawiri. Ndi lachitsulo, lakuda, lopanda zokongoletsa, shafiti yatulukira kutsogolo basi. Luso labisala m'kati. Mu mota zamtunduwu muli waya wamkuwa wokulungidwa pa mano achitsulo mozungulira, ndi maginito amphamvu amene amazungulira limodzi ndi shafiti. Magetsi akadutsa mu waya amakoka maginito, ndipo kukokako kumatsatira kuchuluka kwa magetsi: mukawonjeza magetsi kawiri, mphamvu nayo ikwera pafupifupi kawiri. Palibe chokhudzana kupatula ma bearing. Koma maginito ali ndi khalidwe lawo. Amakonda kukakamira pa dzino lachitsulo limene ali nalo pafupi; amene anazungulitsapo dayinamo ya njinga ndi zala akukumbuka kudumphadumpha kuja. Pa makina a m'fakitale zingapiririke, koma m'manja mwa woyendetsa ndi bodza, chifukwa iye adzayesa ndi msewu. Ndiye amisiri amapendeketsa maginito kapena mano aja, amasankha mosamala chiwerengero cha awa ndi awo kuti asakokere pamodzi nthawi imodzi, ndipo kotsalako amakafafaniza ndi magetsi, kukankha pang'ono pamene maginito akufuna kuima, kugwira pang'ono pamene akufuna kudumpha.

Kuti zimenezi zitheke, bokosi liyenera kudziwa pamene shafiti ili nthawi iliyonse. Kumbuyo kwa mota kuli kachipangizo koyeza, encoder, ndipo ka mu Simucube 2 Sport ndi Pro kamagawa kuzungulira kumodzi m'zigawo 4,194,304. Pa mkombero wa masentimita 30, zigawo zimenezi muyenera kuziunjika pafupifupi 300 kuti zifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Palibe dzanja lingamve kusuntha kotere, ndipo munthu angafunse kuti n'zachiyani. Nkhani ndi yakuti bokosi silifuna kudziwa malo okha. Limafuna kudziwanso liwiro la mkombero ndi mmene liwirolo likusinthira, ndipo limaziwerengera poyerekeza muyeso uwu ndi wotsatira, maulendo masauzande pa sekondi. Muyeso ukakhala wa zigawo zikuluzikulu, liwiro lowerengeredwalo limatuluka lonjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumafika m'manja ngati mchenga mu mpunga. Zigawo mamiliyoni anayi zija ntchito yake n'kupeta mchengawo.

Apa ndi pamene pamandigwira mtima. Atachotsa zonse, amisiri anapeza kuti achotsa zochuluka. Galimoto yeniyeni ili ndi kulemera kwa matayala, girisi wa m'zolumikizira, ndi mafuta a power steering, ndipo zonsezi zimakhazika chiwongolero mtima pansi. Mota yopanda kanthu ilibe zimenezi. Mukaisiya pa msewu woongoka imatha kuyamba kugwedezeka uku ndi uku, kugwedezekako n'kumakulirakulira. Ndiye anabwezeramo, koma tsopano ndi muyeso: kukhuthala pang'ono ngati shafiti ikuzungulira m'mafuta, kukwekwesa pang'ono, kulemera pang'ono, zonse zopangidwa ndi magetsi, zonse zoti mwini wake akhoza kuwonjeza kapena kuchepetsa. Zimandikumbutsa woimba ng'oma amene amawamba chikopa pamoto mpaka chikungike, kenako n'kumata phula pakati kuti mawu atsike afike pamene akuwafuna. Kukunga ndi luso, kumata phula ndi luso lina, ndipo ochita bwino ndi amene amadziwa polekezera.

Nanga mphamvu yonse ija ndi yachiyani? Pa mkombero wa masentimita 30, 25 Nm ikufanana ndi makilogalamu pafupifupi 17, ndowa ya malita 20 yotsala pang'ono kudzaza. Galimoto za GT3, zimene anthu ambiri amapikisana nazo pa kompyuta, zili ndi power steering ndipo sizifuna mphamvu yotere. Yankho mukalipeza pa ukwati. Sipika yaing'ono ikatsegulidwa mpaka kumapeto, nyimbo imang'ambika: ng'oma, gitala ndi mawu a woimba zonse zimasanduka phokoso limodzi. Yaikulu yotsegulidwa theka imamveka chimodzimodzi kukweza kwake, koma chida chilichonse chili pachokha, ndipo woimba akakweza mwadzidzidzi malo akadalipo. Chiwongolero chofooka chimene mwachitsegula kwambiri chimafika pamapeto ake Pouhon isanafike pakati. Kuyambira pamenepo gemu ikati lemera, chili pomwepo. Ikati pepukako pang'ono, chili pomwepobe, chifukwa ngakhale mphamvu yotsikayo ikadali pamwamba pa zimene chingathe. Eni ake amati clipping. Chimene chatayika ndi chenjezo lija, chinthu chimodzi chimene munagulira chiwongolero. Mwini wa chofooka akhoza kuchepetsa mphamvu mu gemu, ndipo ndi bwino kutero, koma pamenepo timawu tating'ono timachepanso mpaka kumira m'kukwekwesa kwa magiya. Mota yaikulu, tsono, siigulidwa kuti izikuwa. Imagulidwa kuti ikamanong'ona imveke.

Mmene ndikuonera ine, pakati pa 8 ndi 12 Nm munthu wa pakhomo wapeza pafupifupi zonse zimene manja ake angagwiritse ntchito. Zoposa apo ndi makina enieni ndipo ayenera kulemekezedwa. Zamphamvu kwambiri zimabwera ndi batani lozimitsira mwadzidzidzi, ndipo silokongoletsa. Galimoto ikawomba khoma mu gemu, mkombero umazungulira mwaukali. Chotsanipo manja monga amachitira madalaivala enieni, zala zazikulu musazikoloweke m'kati, ndipo mwana asasewere pafupi bokosi lili loyaka.

Kwa zaka zingapo direct drive inali ya anthu a ndalama zawo. Zinasintha mu 2021 pamene Fanatec ya ku Landshut, m'dziko la Germany, inatulutsa CSL DD pa mtengo wa pafupifupi ma euro 350. Mphamvu yake ndi 5 Nm, koma mukagula chodyetsera magetsi chokulirapo, mota yomweyo imafika 8. Mulibe fani m'kati; thupi lake la aluminiyamu lili ndi mizere imene imamwaza kutentha, ndiye limagwira ntchito mwakachetechete. Makampani a ku China monga Moza ndi Simagic anathira mpikisano, ndipo mu 2022 Logitech ndi Thrustmaster nawonso anatulutsa zawo, za 11 ndi 10 Nm. Chodabwitsa n'chakuti kampani imene inatsitsa mitengoyi siinapirire: Endor, mwini wake wa Fanatec, inalephera kubweza ngongole mu 2024, ndipo dzinalo linagulidwa ndi Corsair ya ku America. Wogula akumbukire kuti akagula bokosi walowa m'banja. Mkombero wa kampani iyi kawirikawiri sulowa pa bokosi la kampani iyo popanda cholumikizira chapadera. G29 imagwira pa PlayStation ndi kompyuta, mphasa yake G920 pa Xbox ndi kompyuta, pamene Simucube 2 ndi ya pa kompyuta pokha. Funsani zimenezi ndalama isanatuluke m'thumba.

Mkombero ndiwo umakopa maso, ndi timagetsi take, timabatani ndi kasikirini pakati. Apa mpamene munthu amaiwala za chikomekome cha mkuyu. Chofunika choyamba ndi kukula kwake, chifukwa mkombero nawo ndi mpini. Waung'ono wa masentimita 27 kapena 28, wodulidwa pamwamba ndi pansi ngati wa galimoto za Formula, umafulumira ndipo umachititsa mota kumveka yamphamvu. Manja sachoka pamalo ake. Wa masentimita 30 mpaka 32 umayenerana ndi galimoto ngati za GT3 zija. Wa mipikisano ya m'misewu ya dothi uyenera kukhala wozungulira bwinobwino ndi wokulirapo, chifukwa kumeneko mumausiya uthamange m'zikhatho kenako n'kuugwiranso. Chachiwiri ndi kulemera: mkombero wolemera pa mota yaing'ono ndi bulangeti pakamwa pa womasulira. Chikopa chimapirira thukuta; nsalu yofewa ija ya Alcantara imagwirika bwino koma imafuna magulovu, ndipo amene amadziwa kutentha kwa Okutobala aganize kawiri. Timasamba tosinthira magiya ta kuseri kwa mkombero, tabwino timagwidwa ndi maginito m'malo mwa sipuling'i: timakana, timakana, kenako n'kugonja kamodzi, khethe, ndipo chala chimadziwa kuti giya yalowa popanda kuyang'ana.

Pakati pa mkombero ndi shafiti pali cholumikizira chochotseka msanga. Anthu sachilabadira, komatu chikagwedera ngakhale pang'ono, kampata ka magiya kaja kabwereranso pakhomo lina. Chimene chimandichititsa chidwi pa mikombero yonse ndi wa BMW M4 GT3, umene Fanatec ndi BMW anaulengeza mu Disembala 2020. Suli chifanizo cha wa m'galimoto, ndi womwewo. Mukhoza kuuchotsa pa bokosi la m'chipinda n'kukaulowetsa m'galimoto ya mpikisano, mabatani onse n'kugwira ntchito.

Womasulira wabwino akaima pa nsanja yogwedera, mawu ake amagwedera naye. Tebulo lofewa limameza zimene mota yanena, chifukwa mphamvu imene inayenera kulowa m'manja ikupinda thabwa. Akunja amagula mafelemu a aluminiyamu omangidwa ndi mabawuti, koma mmisiri wowotcherera zitsulo, yemwe uja amapanga mafelemu a zitseko ndi mawindo, akapatsidwa miyeso angapange chinthu cholimba mofanana, ndi mpando wa galimoto yakufa pamwamba pake. Ndipo musathere ndalama zonse m'manja n'kuiwala mapazi. Chopondera mabuleki chotchipa chimayeza mtunda umene phazi layenda. Chabwino chimakhala ndi load cell, kachitsulo kofanana ndi ka mu sikelo ya manambala, kamene kamayeza kulemera kwa kupondako. Mwendo umakumbuka mphamvu bwino kuposa mtunda, monganso mabuleki a galimoto yeniyeni amamvera mphamvu. Kampani ya Heusinkveld ya ku Netherlands inapanga dzina lake pa zopondera zotere. Odziwa ambiri amati masekondi amatsika ndi mabuleki kuposa ndi chiwongolero, ndipo ndikugwirizana nawo. Koma kukoma kuli m'manja.

Malo amene ndimati amayesa chiwongolero kuposa ena onse ali ku Germany, pa Nordschleife ya ku Nürburgring, msewu wa makilomita 20.8 wodutsa m'nkhalango za mapiri a Eifel. Opanga magemu a iRacing ndi Assetto Corsa anaujambula ndi makina a laser, mabampu ake ndi kupendekera kwake komwe, moti chimene chimafika m'manja chinayamba chayezedwa pa msewu weniweniwo. Kumeneko kuli kona ya Karussell, yokhotera kumanzere, imene mbali yake yam'kati ndi ngalande yopendekera yoyalidwa ndi zidutswa za konkire. Galimoto imagweramo, gwa. Pomwepo chiwongolero chiyenera kunena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba ndi chachikulu: kupendekera kuja kumakanikizira galimoto pansi, ndipo mkombero umalemera mpaka m'mapewa. Chachiwiri ndi chaching'ono, chokwera pamwamba pa choyambacho: polumikizira chidutswa ndi chinzake, di, di, di, motsatizana. Chiwongolero chofooka chimasankhapo chimodzi. Chabwino chimanena zonse, kulemera pansi, kugunda pamwamba, ndipo pakati pa ziwirizi mumamvabe tayala lakumanzere likafuna kukwawira pansi pa ngalande kapena lakumanja likafuna kukwera pa tala wa kunja. Mumagwira mzere, maso ali kutsogolo pothera konkire. Kenako ngalande imatha, galimoto imatumphuka, ndipo kwa kanthawi mkombero umakhala ngati mulibe kanthu m'manja, matayala akutsogolo atapepukidwa. Mumadikira osaupotokola. Kulemera kukabwerera m'zikhatho, mumaponda moto kukwera chitunda cholowera ku Hohe Acht.